Dokotala woyamba wa dziko lino anabwezedwa pa Nsanje pano: mbiri ya Dr. Daniel Malekebu

M'chaka cha 1921, pa Port Herald, pomwe lero timati pa Nsanje boma, panafika bambo wina wa zaka za m'ma 30 pamodzi ndi mkazi wake, kuchokera ku America. Bamboyo anali mwana wa dziko lino, wobadwira ku Chiradzulu, ndipo m'chikwama mwake munali pepala limene munthu wakuda aliyense wa mu Nyasaland analibe pa nthawiyo: digiri ya udokotala. Akuluakulu a boma la atsamunda anawakaniza kupitirira. Banjalo linatembenukira pompano. Dzina la bamboyo ndi Dr. Daniel Sharpe Malekebu, ndipo panatha zaka 5 asanaloledwe kuponda kwawo.

Nkhaniyi ndaitola chifukwa cha zomwe timaona tsiku ndi tsiku pa Facebook ndi m'magulu athu a WhatsApp kuno kuchigwa. Sabata siitha wina osadandaula za chipatala: mzere wautali, wolembera mankhwala mmodzi, ambulansi ilibe mafuta. Ndiye m'makomenti simulephera kupezeka munthu wonena kuti bola nthawi ya azungu zinthu zinkayenda. Chabwino abale, tiyeni tiione nthawi ya azunguyo, ndipo tiionere pa moyo wa munthu mmodzi ameneyu.

Mnyamata amene anayenda pansi mpaka ku Beira

Daniel Malekebu anabadwa cha m'ma 1889 ku Chiradzulu, m'banja la Chiyao. Mu 1900 John Chilembwe, yemwe uja nkhope yake ili pa K2,000, anatsegula mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe, imene tonse timangoti PIM. Daniel anali mmodzi mwa ana oyambirira kulowa sukulu pamenepo.

Mu 1902 pa mishoniyo panabwera mayi wina wakuda wa ku America, Emma DeLaney, amene anaphunzira za unamwino ku Spelman mumzinda wa Atlanta. Daniel ankagwira ntchito pakhomo pa mayiyu komanso kumumasulira chinenero. Mayiyo atabwerera kwawo mu 1905, mnyamatayo anafunitsitsa kumutsatira kuti akaphunzire, koma makolo ake sanalole. Ndiye anangothawa. Anayenda wapansi mpaka ku doko la Beira ku Mozambique, n'kupeza ganyu m'sitima yapamadzi, ndipo anadzera ku London mpaka kukafika ku New York.

Taganizirani, mwana wa zaka zosakwana 20, wopanda foni, wopanda m'bale kutsidyako. Ineyo sukulu ya ku yunivesite ndinaisiyira panjira fizi itavuta, ndiye ndikamawerenga za ulendo umenewu ndimangoti zii, sindipeza chonena.

Ku America anamulandira a mpingo wa National Baptist Convention, mpingo wa anthu akuda womwenso unkathandiza PIM. Anaphunzira ku Selma University ku Alabama, kenako ku National Training School mumzinda wa Durham ku North Carolina. Atachoka kumeneko analowa Meharry Medical College ku Nashville, imodzi mwa sukulu zochepa zomwe zinkaphunzitsa anthu akuda udokotala masiku amenewo a tsankho. Anamaliza mu 1917. Anakagwirako ntchito m'chipatala ku Philadelphia, ndipo za ubusa anaphunzira ku Moody Bible Institute ku Chicago. Mu 1919 anakwatira Flora Zeto, mayi wobadwira ku Congo koma wokulira ndi kuphunzira ku Spelman komwe kuja.

Akanafuna akanakhala konko. Iwo anasankha kubwerera kwawo kuti akadzutse PIM, akalalikire, akaphunzitse ana komanso akachize odwala.

Chipatala cha boma chomwe akanachipeza

Kuti timvetse kukula kwa zomwe zinachitika pa Port Herald, tione kaye mmene zipatala za boma zinalili.

Boma la atsamunda litayamba mu 1891, dokotala wake woyamba anali Dr. Sorabji Boyce wochokera ku India, ndipo ntchito yake inali yoyenda ndi asilikali. Anaphedwa chaka chomwecho pa nkhondo yolimbana ndi mfumu Makanjira kunyanja. Chiyambi chimenechi chikutiuza zambiri. Dipatimenti ya zaumoyo inakhazikitsidwa kuti izisamala azungu ogwira ntchito m'boma, asilikali, apolisi, akaidi ndi antchito a boma. Munthu wamba wa kumudzi ankabwera pambuyo, ndipo kwa zaka zambiri amene ankamuganizirako anali a mishoni.

Ogwira ntchito anali m'magulu, ndipo chomwe chinkasiyanitsa maguluwo chinali khungu. Pamwamba panali madokotala achizungu olembedwa ntchito ku London. Ameneŵa anali ochepa moti maboma ambiri analibe ndi mmodzi yemwe, chonsecho kalembera wa 1921 anapeza anthu pafupifupi 1.2 miliyoni m'dziko muno. Dokotala wa boma akapezeka pa boma lina, ntchito zinkamuthithikiza: kuona mabwana ndi mabanja awo, kuyendera ndende, kuyeza apolisi, kuyang'anira katemera wa nthomba, kuona za ukhondo, kulemba malipoti opita ku Zomba. Akapita kutchuthi ku Ulaya, ankatha miyezi, ndipo nthawi zambiri panalibe womulowa m'malo.

Pansi pawo panali madokotala ang'onoang'ono ochokera ku India, otchedwa sub-assistant surgeon, a malipiro otsika. Zipatala zambiri za m'maboma ndi iwo amene ankaziyendetsa. Pansi penipeni panali anthu akuda: ma hospital assistant ochepa ophunzitsidwa ku mishoni ya Blantyre ndi ku Livingstonia, ndiponso anyamata omanga mabala amene ankaphunzirira ntchito pa ntchito pomwepo. Anthu amenewa ndi amene ankagwira wodwala ndi manja awo, kumutsuka chilonda, kumupatsa kwinini, kumudzukira usiku. Koma angadziwe ntchito chotani, panali denga lomwe sakanalibowola.

Anamwino achizungu ankagwira ntchito makamaka m'zipatala za azungu ku Zomba ndi ku Blantyre. M'zipatala za anthu akuda munkadzaza antchito aamuna, ndiye amayi ambiri ankachita manyazi kupitako, n'kumaberekera kwa azamba kumudzi. Nyumba zake zambiri zinali zachikale, mankhwala operewera, ndipo anthu ankafika matenda atakula kale. Tizipatala ta kumidzi ta boma tinayamba kufalikira m'zaka za m'ma 1920, tambiri tili m'manja mwa womanga mabala mmodzi ndi mabotolo ochepa. Mu 1930 Dr. John Shircore analemba lipoti losonyeza kuperewera kwa ntchito za chipatala mu Nyasaland, ndipo ndi pambuyo pake pamene ndalama zochokera ku London zinamangira zipatala zingapo za anthu akuda, boma n'kuyambanso kuphunzitsa lokha ma hospital assistant ku Zomba.

Tsono ikani chigwa chathu pa chithunzi chimenechi. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, udzudzu wa ku Elephant Marsh ndi ku Ndindi mukuudziwa. Malungo, likodzo, njoka za m'mimba, zilonda za m'miyendo, matenda a maso, zonse zinali pompano. Azungu ankakuopa kuno kuyambira kalekale, poti mu 1863 dokotala wa mishoni ya UMCA, John Dickinson, anamwalira kwa Chibisa ku Chikwawa. Chakumapeto kwa 1918 mliri wa fuluwenza unasesa dziko lonse, utapeza anthu atafooka kale ndi ntchito ya mtengatenga pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Ndipo chaka chotsatira a Malekebu atabwezedwa, mu 1922, chilala chinabweretsa njala yoopsa m'chigwa muno, njala ija imatumiza anthu kumadambo kukazula nyika.

Dziko lotere ndi limene linaona dokotala ataima pakhomo, n'kumutsekera chitseko.

Anawabwezeranji?

Masiku amenewo khomo la Nyasaland linali kuno. Njanji yochokera ku Port Herald kudzera pa Chiromo inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mu 1915 anaionjezera kumunsi mpaka ku Chindio m'mbali mwa Zambezi. Munthu wochokera kunja ankadzera pano, ndipo ngati boma silikumufuna, ankathera pano.

Mlandu wa a Malekebu unali umodzi: anali mwana wa sukulu ya Chilembwe. Pa 23 January 1915, iwo ali m'kalasi ku Nashville, Chilembwe ndi anthu ake anaukira atsamunda. Pa 3 February Chilembwe anaphedwa, tchalitchi chake ku Mbombwe anachiphulitsa, mishoni n'kutsekedwa. Pakati pa anthu omwe boma linawapha pambuyo pa kuukirako panali John Gray Kufa, wochokera kumunsi kwa Zambezi, amene anaphunzira ntchito ya chipatala kwa Dr. Neil Macvicar ku mishoni ya Blantyre ndipo anali mmodzi mwa anthu akuda oyamba kukhoza mayeso a ntchitoyi. Kuyambira pamenepo, atsamunda ankamuona munthu wakuda wophunzira ngati moto wobisala m'phulusa. Nanga wophunzira ku America, komwe Chilembwe anaphunzira, wotumidwa ndi mpingo womwe unkathandiza Chilembwe? Kwa iwo digiri ya udokotala sinali kanthu poyerekeza ndi mantha awo.

A Malekebu anali asanagwirepo mfuti, ndipo pa nthawi ya kuukira anali kutsidya kwa nyanja. Zimenezo sizinawathandize. Iwo ndi mayi Flora anapita ku Cape Town, kenako ku Liberia komwe anakagwira ntchito pa sukulu ya Ricks Institute. Zaka zomwe akanakhala akuchiza anthu akwawo anazithera kudziko la eni.

Kubwerera ku Mbombwe

Akhristu otsala a PIM sanasiye kupempha kuti mishoni yawo itsegulidwe, ndipo akuluakulu a National Baptist Convention nawo sanatope kulemba makalata. Mu 1926 boma linalola. A Malekebu anafika ku Mbombwe n'kupeza mabwinja, ndipo anayambira pomwepo. Anatsegulanso sukulu, anamanga tchalitchi chachikulu cha New Jerusalem chomwe chilipo mpaka lero, ndipo anayamba kuona odwala mpaka pamalopo panadzakhala chipatala.

Ankadziwa kuti maso a boma ali pa iwo usana ndi usiku, choncho ankayenda mosamala ngati munthu wosenza mazira. Ena amawanena kuti anali ofatsa mopitirira. Koma kufatsako sikunawatseke pakamwa. Mu 1929 anatsogolera kukhazikitsa bungwe la Chiradzulu Native Association, komwe anthu ankakambirana za malo, thangata, msonkho ndi maphunziro, n'kumatumiza madandaulo awo kuboma. Mabungwe otere ndi amene anadzabala Nyasaland African Congress mu 1944.

Mpingo unakula mpaka kudutsa malire, kufika ku Mozambique, ku Rhodesia ndi ku South Africa, kutsatira anthu athu opita kukagwira ntchito. Mu 1945 anakhazikitsa National Baptist Assembly of Africa ndipo anakhala mtsogoleri wake. Zoona zake n'zakuti ubusa ndi sukulu zinadya nthawi yawo yambiri, moti lero anthu amawakumbuka ngati m'busa kuposa ngati dokotala. Munthu mmodzi anasenza tchalitchi, sukulu ndi chipatala pa ndalama zochepa zochokera m'mbale za chopereka za anthu akuda a ku America, pamene boma lomwe linkatolera msonkho khomo ndi khomo linalibe dokotala wakuda ngakhale mmodzi.

Chitseko chija chinakhalabe chotseka

Wina anganene kuti zija zinangochitika chifukwa cha Chilembwe. Ayi ndithu, taonani zomwe zinamuchitikira dokotala wachiwiri. Hastings Kamuzu Banda anamaliza ku Meharry komwe kuja mu 1937, zaka 20 pambuyo pa a Malekebu. Popeza pepala la ku America silinkakwanira kuti munthu agwire ntchito m'maiko olamulidwa ndi Britain, anapita ku Edinburgh n'kukhozanso mayeso mu 1941. Atafuna kubwera kudzagwira ntchito kwawo, anamwino achizungu a ku mishoni ya Livingstonia anakana kugwira ntchito pansi pa dokotala wakuda, ndipo ku boma nkhani inakakamira pa malipiro ndi pa funso loti azikhala bwanji pakati pa madokotala achizungu. Kamuzu anakhala ku Britain, kuchiza azungu ku Liverpool, North Shields ndi London, kenako anapita ku Ghana. Kuno anabwera mu 1958, ndipo chomwe chinamubweretsa chinali ndale.

Za ulamuliro wa Kamuzu aliyense ali ndi maganizo ake, ndipo imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Apa ndikungowerenga: madokotala awiri oyamba a dziko lino, onse anafuna kubwera, onse anapeza chitseko chotseka. Dokotala wakuda anadzayamba kuoneka m'chipatala cha boma m'zaka za m'ma 1950, pamene Dr. Sam Bhima anabwera kuchokera ku Makerere ku Uganda. Apo n'kuti patatha zaka zoposa 30 chichitikire zija za pa Port Herald. Chipatala cha Queen Elizabeth, chomwe timatumizidwako tikakwera zitunda za Thabwa pa ambulansi, chinatsegulidwa mu 1958, atsamunda atatsala ndi zaka 6 zokha. Sukulu yathuyathu ya madokotala, College of Medicine, inayamba mu 1991, ndipo pano ili pansi pa KUHeS.

Ndiye munthu akamati nthawi ya azungu zipatala zinkayenda bwino, mufunseni kuti zinkayendera ndani.

Masiku awo otsiriza

A Malekebu anatsogolera PIM kwa zaka 45. Mu 1967 a ku Meharry anawapatsa ulemu wapadera pokumbukira zaka 50 chimalizireni maphunziro awo. Mathero a utsogoleri wawo sanali osalala: panabuka kusamvana pakati pa iwo ndi likulu la mpingo ku America, ndipo mu 1971 anasiya ntchito n'kupita ku America, mpingo n'kutsala wogawanika. Mayi Flora anamwalira mu 1977. Chaka chotsatira gogoyo anabwerera kwawo, ndipo anamwalira pa 8 October 1978. Anaikidwa ku Mbombwe, pa mishoni pomwe anayambira sukulu ali mwana.

Pa 15 January chaka chilichonse atsogoleri amakhamukira ku PIM kukakumbukira Chilembwe. Tchalitchi chomwe amapemphereramo anamanga ndi a Malekebu. Dzina lawo limatchulidwa mwa apo ndi apo basi.

Nanga ife lero?

Chipatala si nyumba ya njerwa ayi, chipatala ndi anthu ogwira ntchito. Atsamunda ankati alibe madokotala okwanira, chonsecho amene anabwera yekha, wodzilipirira ulendo, anamubweza. Kusowa kwa ogwira ntchito kunali ndi mbali yaikulu ya kusankha kwa anthu okhala m'maofesi.

Lero palibe amene angakubweze pa Marka chifukwa cha khungu. Tili ndi zipatala za boma pa Nsanje ndi pa Chikwawa, tili ndi Ngabu, tili ndi za mishoni monga Trinity ku Muona, Kalemba ku Bangula ndi Montfort ku Nchalo. Amene amagwira ntchito m'menemo ndi ana a dziko lino, ndipo ambiri amagwira mpaka thukuta kusanduka mchere pamalaya. Pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 tinawaona akugwira ntchito m'matenti, misewu itaduka, East Bank itasanduka chilumba. Ulemu wawo tiwapatse.

Koma ineyo ndili ndi anzanga amene anamaliza unamwino ndi u clinical officer, mapepala ali m'sutikesi, eniake akugulitsa kaunjika ndi mayunitsi podikira kuti boma lidzalembe anthu ntchito. Pomwepo mayi woyembekezera akukwera kabaza mtunda wautali kukapeza namwino mmodzi amene wagwira usiku wonse. Palinso kalankhulidwe kaja koti munthu akatumizidwa ku Lower Shire ndiye kuti walangidwa, moti ena amangofika, kusainira, n'kuyamba kufunafuna transifa. Maganizo amenewo ndi omwe aja a atsamunda oti kuchigwa ndi kokadutsa, si kokhala. Chitseko chasintha maonekedwe, koma wodziwa ntchito akadali panja, wodwala ali mkati.

Ndiye m'malo momangotukwana m'makomenti, tiyeni tizifunsa mafunso oti munthu ayankhe ndi nambala. Khansala wanu kapena phungu wanu akabwera kumsonkhano, mufunseni kuti pa chipatala cha kwanu pakuyenera kukhala anamwino ndi ma clinical officer angati, ndipo alipo angati. Mufunseni kuti nyumba za ogwira ntchito zilipo zingati, chifukwa munthu sangakhalitse pamalo pomwe alibe pogona, madzi ndi magetsi. Mufunseni kuti ana a kuno komwe amene anamaliza maphunziro a zaumoyo, ozolowera kale kutentha kwathu ndi Chisena ndi Chimang'anja chathu, akhonsolo akuwadziwa angati. Komiti ya chipatala ya m'dera lanu imakumana liti, ndipo muli wachinyamata?

Pempho langa lina likupita kwa akhonsolo ya Nsanje ndi a zosunga mbiri ya dziko. Pa siteshoni ya sitima pa boma pakhale chikwangwani, ngakhale chaching'ono, chonena kuti m'tauni ino mu 1921 dokotala woyamba wa dziko lino anakanizidwa kulowa kwawo. Ana a pa Nsanje Secondary ndi ena odutsa aziwerenga, adziwe kuti mbiri ya dziko inachitikiranso pakhomo pawo.

Ngati agogo anu anagwirapo ntchito yomanga mabala kapena u hospital assistant nthawi ya atsamunda, kaya pa Port Herald, pa Chiromo kapena pa Chikwawa, akhazikeni pansi madzulo ano muwafunse mmene zinkakhalira, mujambule mawu awo pafoni. Mutiuze m'makomentimu. Anthu amenewo ndi amene anasenza zipatala za boma pamsana, ndipo mayina awo ambiri sanalowe m'mabuku.